Dzira la Mtengo pa Mchenga

Mafomu anali m'kabokosi ka kutsogolo kwa galimoto, pamwamba penipeni pa mawondo a Chitsiriza, ndipo ulendo wonse wa maola awiri iye ankangomva ngati akumuotcha. Achimwene ake ndiwo anawaika m'menemo m'mawa, bambo ali m'chipinda kulimbana ndi zingwe za nsapato. Anali mafomu a ku nyumba yosungirako okalamba, odzaza kale, kungotsala mzere umodzi woti iye asayine, popeza kumeneko salandira kholo popanda chilolezo cha ana onse.

"Sindikukukakamiza," anatero achimwenewo potseka kabokosiko. "Koma mayi oyandikana nanu aja anandiimbira foni. Akuti anawapeza bambo pamsewu, jekete atavala, nsapato alibe, akufunsa njira ya kwawo. Iwe ukuti ndi ukalamba chabe. Chabwino. Lero tikhala nawo tsiku lonse kunyanja, ndione ndi maso anga. Ngati ali bwino, mapepalawa nding'amba ndekha."

Bambowo anthu onse ankawatcha a Mazira. Zaka makumi anayi anaweta nkhuku zoikira kuseri kwa nyumba yomwe anamanga ndi manja awo, ndipo tsiku lililonse 3 koloko ikakwana ankatenga thireyi n'kukatola mazira, kaya kukugwa mvula kaya kunyumba kuli alendo. Khola linakhala lopanda kanthu kuyambira pomwe mayi anamwalira, zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo. Pa ntchito yonseyo chinatsala ndi dzira limodzi losema la mtengo, lopaka penti yoyera, lija amasiya pachisa kuti thazi lizibwerera kudzaikira pomwepo. A Mazira ankayenda nalo m'thumba la jekete, ndipo apa anali kumpando wakumbuyo akulisisita ndi chala, maso ali pazenera.

Chitsiriza ankasita zovala ku chipatala, n'kumakhala ndi bambo akewo awiriwiri. Zoti mutu wawo ukutha ankazidziwa kuposa dokotala aliyense. Ndiye amene anazula chotsegulira mbaula ya gasi n'kumapita nacho kuntchito m'chikwama. Ndiye amene anamata timapepala pazitseko, "chimbudzi," "kukhitchini," "osatsegula," ndipo usiku wa dzulo lake, achimwene asanafike, anatimatula tonse n'kupukuta pomwe panatsala zomatira. Akadzifunsa chifukwa, ankati mapazi a bambo amaidziwa nyumbayo ngakhale mutu utaiwala, ndipo kwina kulikonse angasochere pakati pa bedi ndi chitseko. Zimenezo zinali zoona. Koma panalinso china chomwe sankachitchula: anali ndi zaka makumi anayi ndi chimodzi, analibe mwamuna, analibe mwana, ndipo ankaopa kudzatsegula chitseko madzulo popanda womufunsa kuti wachedwa kuti.

Nzeru zake za tsikulo zinali zosavuta. M'mawa bambo amakhala bwino, amacheza, amaseka. Mavuto amayamba 3 koloko. Choncho anafuna kuti pofika 2 koloko akhale atanyamuka, bambo agone m'galimoto monga amachitira, mpaka kukafika kunyumba.

Pachipata cha paki anawalandira mayi wina wovala kabudula wa khaki ndi chipewa chachikulu, makina oonera patali akulendewera pachifuwa. Anali woyang'anira gombe. Anawapatsa kamapu, nawalozera kosambira, kosinthira zovala ndi komwe kuli mipope ya madzi abwino, kenaka anawaperekeza pa mlatho wa matabwa wodutsa pamwamba pa milu ya mchenga. Mbali zonse ziwiri kunali zikhomo zomangidwa chingwe chofiira.

"Mkati mwa chingwemo musapondemo," anatero mayiyo. "Muli timbalame tikukhalira mazira. Timaikira pamchenga penipeni, osamanga chisa. Kadzenje chabe, ngati ka chidendene."

Akulankhula choncho, kambalame kotuwa ka miyendo yoonda kanatulukira pansi pa mlatho, kakukwakwaza phiko limodzi pamchenga, kakugwa, kakudzuka, kakulira mwachisoni.

"Kathyoka phiko," anatero achimwene.

"Kali bwinobwino. Kakufuna tikathamangitse ikoko, tiiwale komwe kuli mazira. Tikatalikira kauluka."

"Thazi lanzeru," anatero a Mazira, atatsamira pa thabwa. "Zanga zinalibe nzeru zimenezo. Zikaikira zimayamba kulengeza kuti dziko lonse limve."

Onse anaseka, ndipo achimwene anacheukira Chitsiriza ndi nkhope ya munthu amene wayamba kukayikira zomwe anamva pafoni. Mtima wa Chitsiriza unatsikako pang'ono.

Anayala mkeka patali ndi madzi, nazika ambulera. Nyanja inali yaikulu mochititsa mantha, yopanda tsidya, mafunde akubwera oyera n'kudzafera pamchenga. Ana a anthu ankakumba maenje ndi timafosholo tapulasitiki, achinyamata ankamenya mpira, ndipo kutali pa miyala panali mbalame zikuluzikulu zakuda zitatambasula mapiko padzuwa ngati zovala zoyanika. A Mazira anakana kuvula jekete. Chitsiriza anawavula nsapato, nawapinda buluku, ndipo anayenda nawo m'mphepete mwa madzi atawagwira pachigongono. Thovu likawakhudza zala ankabwerera m'mbuyo n'kuseka ngati mwana.

Pa chakudya panali buledi, mazira owiritsa, malalanje ndi botolo la juwisi. A Mazira anasenda dzira, naligawa pakati, nayang'ana mkati mwake n'kupukusa mutu.

"Nkhuku iyi amaimana chakudya. Taonani kuyezuka."

Achimwene anayamba mafunso awo, mochenjera ngati munthu wongocheza. Njinga yoyamba yonyamulira mathireyi inali ya mtundu wanji? Bambo anayankha, mpaka kutchula tsiku lomwe inawagwetsa pa mlatho ndi mazira mazana atatu. Chaka chomwe chitopa chinapha khola lonse? Anayankhanso. Zakale zonse zinali m'malo mwake.

"Nanga dzulo madzulo, bambo, nditafika ine, tinadya chiyani?"

A Mazira anasiya kutafuna. Maso awo anayamba kuyendayenda, kuchoka pa mwana uyu kupita pa uyo. Chitsiriza anagunda botolo ndi bondo, juwisi n'kutayikira pa buluku la achimwene. Panali kudzuka, kupepesa, kufuna thaulo, kukutumula mkeka, ndipo pomwe ankakhalanso pansi funso lija linali litapita ndi mphepo. Kawiri konse anachita zotere masana amenewo. Ulendo wachiwiri anati china chake chamuluma kuphazi.

Bambo atakhuta anagona chagada pansi pa ambulera, chipewa kumaso. Chitsiriza anayang'ana wotchi: kota tu 2. Anayamba kulongedza mbale.

"Ukuthamangira kuti?" anafunsa achimwene, akuvula malaya. "Tayenda maola awiri kudzangoona madzi ndi maso? Bambo agona. Tiye tikasambe. Unasamba liti m'nyanja iwe?"

"Mphindi khumi basi, achimwene."

Anavula wotchi, naiika m'chikwama. Analowa mpaka m'mawondo, kenaka m'chiuno. Funde lina linamugwetsa, nadzuka madzi ali m'mphuno, akutsokomola ndi kuseka, achimwene akumuwaza madzi monga ankachitira ali ana pa mpope wa kuseri kwa khola. Zaka zonsezi thupi lake linali la ntchito: kusita, kusambitsa, kunyamula, kumvetsera ngati chitseko chatseguka. Madziwo anamunyamula iye. Kawiri anacheuka naona bambo ali chigonere, miyendo ili tambalale. Kenaka anasiya kucheuka. Musamuweruze mwana wa munthu, nayenso amatopa.

Atatuluka, pa mkeka panali nsapato zokha. Wotchi inati 3 koloko yapitirira ndi mphindi khumi.

Anathamanga uku ndi uku akufunsa anthu. Achimwene anapita kuzimbudzi, nabwerako. Chitsiriza ankangoyang'ana madzi. Kenaka anawaona, kutali kumene chingwe chofiira chinathera, akutsika pa mulu wa mchenga pang'onopang'ono, mutu uli pamtunda, chipewa atachigwira ndi manja awiri pachifuwa. Ankayenda monga ankayendera pochoka kukhola, osagwedeza mapewa.

Atafika anayang'ana Chitsiriza mwachisoni chosakanikirana ndi kudzudzula.

"Amake ana, zayambanso kuikira panja. Khola lija simunatseke bwino."

M'chipewamo munali timazira titatu, tating'ono ngati chala chachikulu, ta mtundu wa mchenga, ta madontho akuda.

"Akungoseka," anatero Chitsiriza. "Bambo amakonda nthabwala, achimwene. Atola pansi basi, samadziwa."

Achimwene ankangoyang'ana bambo awo.

Mayi woyang'anira gombe anafika akuthamanga, popeza wina anali atamuuza za mkulu wosowa. Ataona m'chipewa anaima chilili. Sanakalipe, ndipo kusakalipako kunawawa kuposa kukalipa.

"Gombe lonseli chaka chino lili ndi zisa khumi ndi chimodzi zokha," anatero motsitsa mawu. "Ichi n'chatsopano, chili kunja kwa chingwe. Masiku atatu ndakhala ndikuchifuna osachipeza. Tikawabweza msanga pamalo pake penipeni, mwini wake akhoza kuwalandira. Pena paliponse sawakhalira. Ndipo akaona kadzenje kalibe kanthu kwa nthawi yaitali, amachoka osabweranso." Anatembenukira kwa mkuluyo. "Agogo, mwawatola pati?"

A Mazira anamuyang'ana osamudziwa. Mayiyo anayang'ana kumene achokera, koma mphepo inali ikuseseratu mchenga wouma, ndipo mapazi awo anali atafufutika kale. Kumeneko kunali mchenga wokhawokha, waukulu kuposa mabwalo atatu a mpira, paliponse pofanana.

"Bambo, kumbukirani," anatero achimwene mokweza, akuyandikira. "Mwachokera kuti? Lozani ndi dzanja. Bweretsani chipewacho."

"Bambo awa ndi ndani?" anafunsa a Mazira, akubwerera m'mbuyo. "Ngati ndi ogula adikire kuchipata. Kukhola sikulowa alendo."

Zala zawo zinayamba kufinya chipewa. Nsalu inakwinyika, timazira tija tikugundana. Mayi woyang'anira anatambasula dzanja, nalibweza, poopa kuwaopseza.

Chitsiriza ankadziwa chochita. Ankachichita tsiku lililonse 4 koloko akafika kunyumba n'kuwapeza bambo ataima m'khola lopanda nkhuku, akunjenjemera ndi mkwiyo kuti akuba aba zonse. Koma ankachichita chitseko chili chotseka. Akachichita pano, achimwene adzaona kuti si lero loyamba, ndipo sipadzakhalanso juwisi woti ataye. Akanathanso kungokhala chete, n'kudzanena m'galimoto kuti ndi dzuwa lawasokoneza, ndi malo achilendo, ndi kutopa. Mwina achimwene akanakhulupirira. Timazira titatu ta kambalame kosadziwika n'chiyani poyerekeza ndi nyumba ya bambo ake? Anadzifunsa funso limenelo moona mtima, ndipo anayang'ananso zala zija, zala zomwe pa zaka makumi anayi sizinaswepo dzira mwadala.

Anatenga thaulo, nalimanga kumutu. Anazungulira n'kukaima kumanzere kwawo, kukhutu lomwe limamva bwino, kumene mayi ankaima. Anawagwira pachigongono ndi zala ziwiri, natsitsa mawu, nawakoka pang'ono monga mayi ankawakokera.

"Abambo, mwabwerako? Musawafinye, bweretsani kuno ndiike m'thireyi. Alipo angati lero?"

Mapewa a mkuluyo anatsika nthawi yomweyo.

"Atatu okha. Ang'onoang'ono. Ndi msoti umenewu, wangoyamba kumene."

"Uzolowera. Alendowa ndi a zaulimi, adzangoona. Musawaope." Analandira chipewa, nachipereka kumbuyo kwa mayi woyang'anira osacheuka. "Nanga pachisapo mwasiyapo kanthu, kapena mwaiwala?"

"Ine kusiya chisa chopanda kanthu? Mwandiona liti?" A Mazira anamenya thumba la jekete, ndipo linali lopanda kanthu. "Ndasiyapo lamtengo. Mawa ubwerera pomwepo."

Chitsiriza anatembenukira kwa mayi uja, nalankhula ndi mawu ake enieni.

"Funani dzira loyera, lalikulu ngati la nkhuku. Lili pachisapo."

Kwa achimwene sanayang'aneko. Sanafunikire kutero, ankawamva mmene ankapumira.

Mayiyo anakwera pa mulu wa mchenga, naika makina m'maso, nayamba kusesa nawo pang'onopang'ono kuchokera kumadzi kupita kumtunda. Panapita nthawi. Kenaka anaima, nakhala choncho osagwedezeka, ndipo anakodola Chitsiriza kuti akwere adzaone yekha.

Poyamba anangoona mchenga. Kenaka anaona choyera, ndipo pamwamba pake panali kambalame kaja. Dziralo linali lalikulu pafupifupi ngati iko komwe. Kanali katalikwera, nthenga za pamimba katazifutukula, mapiko atagwa mbali zonse, mwendo umodzi ukulendewera osafika pansi. Kakaterereka kankakweranso, n'kudzikonza, n'kukhala, mlomo uli yasa ndi kutentha. Chitsiriza anayang'ana mpaka magalasi anachita chifunga, ndipo anabweza makinawo.

Mayi woyang'anira anati apite awiri okha, iye ndi agogowo, popeza ndiwo anaona mmene mazira anakhalira. A Mazira anakana kusuntha popanda amake ana, choncho anapita atatu, achimwene n'kutsala pamulu paja. Atayandikira, kambalame kanatsika n'kuyamba zake zija, kukwakwaza phiko, kugwa, kulira. Mkuluyo sanakalabadire. Anagwada, nachotsa lamtengo, nasalaza kadzenjeko ndi kuseri kwa chala. Anatenga mazira aja m'chipewa limodzilimodzi, lililonse akuyamba waliika patsaya kuti amve kutentha kwake, naliika nsonga italoza pakati. Manja omwe m'mawa analephera kumanga zingwe za nsapato sananjenjemere ngakhale pang'ono.

"Ndinalakwitsa," anauza mayiyo, akudzuka ndi dzira lamtengo m'manja. "Ndimayesa ukuikira, koma uwu wayamba kale kukhalira. Lamtengo timasiyira yoikira. Yokhalira sitiisiyira, mayi. Imakhalapo osadya, osamwa, mpaka kutsala mafupa okhaokha, ikudikira chinthu choti sichidzaswa. Umayenera kuichotsera, ngakhale ikujompe."

Analibweza m'thumba, natsekapo ndi dzanja.

Anabwerera pamulu, nakhala pansi onse anayi. Kambalame kanazungulira kutali, kakuthamanga n'kuima, kuthamanga n'kuima. Kanayandikira, kanabwerera. Patapita mphindi ngati makumi awiri kanafika pa kadzenje, kanaweramitsa mutu, kanagwedeza dzira limodzi ndi mlomo, ndipo kanakhala. Mayi woyang'anira anatulutsa mpweya wautali, nadzuka kukatenga zikhomo ndi chingwe. Asanapite anagwira dzanja la mkuluyo ndi manja awiri. Za mlandu sanatchule.

Poimika magalimoto, Chitsiriza anakhazika bambo kumpando wakumbuyo, nawapukuta mchenga pakati pa zala, nawaveka nsapato, nawamanga lamba. Atatseka chitseko anapeza achimwene ataima kumbuyo kwa galimoto, ambulera ili m'manja, ngati aiwala komwe imaikidwa.

"Unayamba liti kuyankha ngati amayi?"

"Chaka ndi miyezi inayi."

"Tsiku lililonse?"

"Kupatula masiku omwe akudwala."

"Ndipo ine ndikaimba foni umati zonse zili bwino." Achimwene anapukuta kumaso ndi mkono. "Tsiku lonse lero wakhala ukundikwakwazira phiko, mlongo wanga, ine n'kumakutsatira ngati chitsiru. Sindikukudzudzula. Ndikudziona ndekha. Koma tadziyang'ana mmene waondera."

Chitsiriza anazindikira kuti thaulo lija likadali kumutu. Analimasula, nalipinda kanayi monga amapindira a ku chipatala. Analowa kutsogolo, natsegula kabokosi, natulutsa mafomu. Anawerenga masamba onse atatu, mzere uliwonse, za maola ochezera odwala, za zovala zoyenera kubweretsa, za zinthu zing'onozing'ono zomwe munthu amaloledwa kukhala nazo m'chipinda. Pamenepo anapempha cholembera, nalemba m'mphepete kuti dzira lamtengo asadzawalande. Kenaka anasayina. Zinamuwawa monga ankayembekezera, ndipo chomwe chinamuchititsa manyazi n'chakuti pansi pa ululuwo anamvanso kupepuka.

Galimoto inadutsa pachipata, nilowa mumsewu waukulu. Nyanja inatsalira kuseri kwa mitengo. Onse ankayesa bambo agona, koma mawu anachokera kumbuyo.

"Amake ana, khola mwatseka?"

Chitsiriza anatsegula pakamwa, koma achimwene anamugwira dzanja.

"Ndatseka ine, bambo," anatero, akuwayang'ana pa kalilole. "Zonse zalowa, ndaziwerenga. Gonani."

A Mazira anagwedeza mutu mokhutira, natsamira kumbuyo, dzanja lili m'thumba la jekete. Anayang'ana khosi la woyendetsayo kwa kanthawi, mwachikondi.

"Ndiwe mwana wabwino iwe," anatero. "Kodi ndiwe mwana wa yani?"

Achimwene anapatutsa galimoto pang'onopang'ono, naimika m'mbali mwa msewu, nazimitsa injini. Anakhala choncho atagwira chiwongolero ndi manja awiri, mutu uli pansi. Chitsiriza anatsika, nazungulira, nawatsegulira chitseko kuti asinthane, ndipo ndi iye amene anayendetsa njira yotsalayo.